Kadulidwe ka a Goodson

A Goodson Mulepa anabadwa amanzere, ndipo chinthu choyamba chimene dziko linawachitira chinali kuwamenya chifukwa cha dzanja limenelo. Ali mwana, akangolitambasulira m'mbale, amayi awo ankawakhoma ndi mthiko pa zala mpaka zitatupa. Kusukulu ya mishoni ku Khonjeni aphunzitsi anapitiriza pomwe amayi analekera, iwo ndi lula, ndipo ankamenya ndi m'mphepete mwake kuti ziwawe bwino. Motero kudya anaphunzira ndi lamanja, kupereka moni ndi lamanja, kulandira kanthu kwa akulu ndi lamanja. Kulemba ndiye kunakanika, sukulu n'kuthera mu sitandade fili. Mpeni wokha ndi umene palibe anawaletsa kugwirira kumanzere, poti palibe amene amasamala kuti mwana wa mmphawi akumweta udzu ndi dzanja liti.

Mudzi wa kwawo uli pamtsetse, wapanikizika pakati pa tiyi kumtunda ndi tiyi kumunsi. Agogo awo anachokera ku Mozambique, mzungu n'kuwalozera malo amiyala oti amangepo, malipiro ake kulima tiyi wa mzunguyo popanda cholowa. Malowo sanakule kuchokera nthawi imeneyo, anthu okha ndi amene anachuluka. Munda umene unkadyetsa banja limodzi unagawidwa kwa ana aakazi, iwonso n'kugawira ana awo aakazi, mpaka zinafika poti munthu akapunthwa m'munda mwake amakagwera m'munda mwa mnzake. Mwana wamwamuna sawerengedwa pa kugawako. Kwa Alomwe munda ndi wa mkazi, mwamuna amakalima kumene wakwatira, ndiye a Goodson anakula akudziwa kuti pa dothi lonse lofiira la Thyolo palibe pamene pali pawo.

Ntchito ya ku esiteti anaiyamba ndevu zisanamere. Poyamba ankathyola masamba ndi dengu kumsana, kenako kapitawo wina anaona mmene ankagwirira mpeni n'kuwaika m'gulu la odulira. Kudulira tiyi kumachitika miyezi yozizira, chiperoni chikamagwa. Chitsamba chimadulidwa cha m'mawondo kuti chiphukenso ndi mphamvu, ndipo lamulo lake ndi limodzi: kudula kamodzi kokha, mopendeketsa, kuti madzi azitsetsereka pachitsa osalowa m'kati. Ukabwereza mpeni nthambi imang'ambika, imaola, chitsamba chimafa. N'chifukwa chake kapitawo amayenda m'mbuyo mwa odulira akuwerama, kuyang'ana zitsa, ndipo amadziwa kuti ichi wadula ndi uje osafunsa munthu. Zitsa za anthu onse zinkapendekera mbali imodzi, za a Goodson zokha zinkapendekera mbali inayo, zosalala ngati zapalidwa. Amayi othyola tiyi akamadutsa m'munda woduliridwa ankaloza n'kunena kuti apa padutsa Mulepa. Eni ake ankanamizira kusamva, koma mumtima zinkawakomera kwambiri, chifukwa chimenechi chokha ndi chimene chinali chawochawo.

Matipate atabwera, a Goodson anali m'gulu la anthu amene anavina mumsewu, poti zinkamveka kuti tsopano minda ibwerera kwa eni ake. Minda sinabwerere. Chimene chinabwera ndi ufulu wonyanyala ntchito, ndipo odulira ndi othyola atauyesa ufuluwo apolisi anafika ndi zibonga. Mnzawo amene ankalankhula m'malo mwa onse anathyoledwa nthiti pamaso pawo, katundu wake n'kutayidwa kunja kwa nyumba ya kampani mvula ikugwa, ana akulira pamwamba pa mphasa zonyowa. A Goodson analandira zawo kumsana n'kubwerera ku ndime mawa lake. Kuyambira pamenepo pakamwa anatseka, koma kuvota sanasiye. Chisankho chilichonse ankavala jekete ya ku tchalitchi n'kukafola m'mamawa, ndipo ankabwerako ali ndi chiyembekezo ngati munthu woti sanapusitsidwepo.

Anakwatira ku Goliati, mkazi wawo a Victoria, ndipo anakhala mkamwini wosadandaulidwa kwa zaka zambiri. Anaumba njerwa, anaotcha, anamanga nyumba ya malata, anadzala nthochi ndi mapeyala, ana n'kubadwa n'kukula. A Victoria atamwalira, akuchikazi anadikira kuti tsitsi limetedwe, basi n'kuwaitana kuti awasudzule. Anayamba ndi mawu okoma, kuwathokoza kuti anasunga mlongo wawo bwino. A Goodson atangotchula za malata, mlamu wawo wamkulu anatola mpini wa khasu umene unali pakhonde n'kuwakantha nawo pakamwa. Mano akutsogolo anatsalira ku Goliati pamodzi ndi nyumba, nthochi ndi ana, poti ana ndi a kwa amayi awo. Iwo anachoka ndi njinga, bulangete ndi mpeni wawo wokhota, n'kukapempha chipinda ku komboni ya esiteti, chipinda chimene makiyi ake amabwezedwa tsiku limene ntchito yatha.

Munthu yekha amene anawatsalira anali mlongo wawo, a Marita, mayi wamfupi wa liwu lofika kutsidya la mtsinje, amene amuna awo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi a Goodson ankapalasa njinga kukawaona, atanyamula kashuga ka adzukulu. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa ngati sipangapezeke kamalo koti adzamangepo kanyumba ntchito ikadzatha. A Marita anaseka chiseko chowawa n'kuwauza kuti ayang'ane okha, nkhuku nazo zikugona mumtengo chifukwa chosowa poika khola, kapena mwina akufuna adzamange padenga. Sananene mwankhanza, zinali zoona basi. Koma kuyambira tsiku limenelo funso loti adzagona kuti kampani ikadzawataya linayamba kuwadya, ndipo imvi zikamachuluka funsolo linkakulirakulira.

Chopweteka chinali chakuti malo analipo, ankaoneka ngakhale utakhala pakhonde pa a Marita. Kumtunda kwa mudzi kunali chitunda chonse cha kampani, chimene anadulapo bulugama kalekale n'kuchisiya. Tiyi sanadzalepo, mitengo sanabwezeretsepo, pankangokhala udzu ndi anyani. Alonda a kampani ndiwo ankapondapo ndi agalu awo, ndipo mayi wopezeka akutola nkhuni ankamulanda nkhwangwa n'kumukwapula. A Marita ali ndi chipsera pa ntchafu mpaka lero, cha galu wa alonda amenewo.

Ndiye chinafika chaka china cha chisankho. Woimira uphungu wina anabwera ndi lole, zimkuzamawu ndi nsalu zachipani, anakaima penipeni pa malire n'kuloza chitundacho ndi ndodo. Anati malo amenewo ndi a makolo athu, lowani ndi makasu mvula ikagwa, amene akukhudzeni akhudza ine. Posakhalitsa wopikisana naye anabweranso n'kulonjeza chitunda chomwecho, ngati kuti chinali cha amayi ake. Anyamata a zipani ziwirizo anakatemana ndi zikwanje pamsika wa Khonjeni kulimbirana kuti mwini lonjezolo ndi ndani, wina khutu n'kulisiya pomwepo, mabenchi a tomato n'kuphwanyika. Amene anapambana ndewu imeneyo anali Benard wa mbali ya wa ndodo uja, wakabaza wa m'mudzi momwemo, mwana wa a Angella oyandikana nyumba ndi a Marita. Benard anali chimunthu champhamvu chosazolowera khasu, chokonda kuyenda chikwanje chitamangiriridwa pa njinga yamoto, ndipo mvula itagwa ndiye anatsogolera mudzi wonse kukwera chitunda, n'kugawa minda ndi chingwe.

A Marita anapeza ndime yaitali yotsikira kumtsinje, moyandikana ndi ya a Angella. Anadzala chimanga pang'ono ndi nandolo, koma kwakukulu chinangwa, poti kwawoko nyumba ikakhala ndi makaka, chinangwa choumitsa chija, njala amangoimva kwa ena. Chinangwa chitafika m'chiuno anawatenga achimwene awo Lamulungu lina kukawaonetsa. A Goodson anakwera atatsitsa chipewa kumaso, kuopa kuti mlonda angawaone n'kukanena ku ofesi. Kumtunda kwa ndimeyo kunali malo athyathyathya pafupi ndi mwala waukulu, ndipo pamenepo a Marita sanadzalepo kanthu.

"Apa ndi panu, achimwene," anatero. "Mudzamange apa, mudzafere apa. Asadzakusudzuleninso munthu."

A Goodson anakhala pamwalapo n'kulira, bambo wa imvi, misozi n'kumatsikira m'ndevu. Anatapa dothi n'kulifumbata nthawi yaitali.

Chisankho chinachitika, wa ndodo uja anapambana n'kupita ku Lilongwe, foni yake n'kuyamba kusapezeka. Kampani inali chete nthawi yonseyo, osati chifukwa cha mantha, inkangodikira kuti mavoti awerengedwe. Itatenga chilolezo ku khoti sinalengeze. M'mawa wina nyengo yodulira, odulira atafola kuti alandire ndime zawo, kapitawo wawo a Anderson anawauza kuti lero kulibe tiyi, akwere ngolo ya thirakitala. Aliyense anapatsidwa jasi lakuda la mvula ndi masiki, mwa zija zinatsala nthawi ya Kolona. A Goodson atamva kumene akupita anawakokera pambali a Anderson n'kuwanong'oneza kuti kumeneko ndi kwawo, munda wina ndi wa mlongo wawo. A Anderson anayankha kuti masiki ntchito yake ndi yomweyo, ndipo amene sakufuna kukwera abweze makiyi dzuwa lisanalowe. Kapitawo ameneyu anakhala zaka zonsezo akuzindikira anthu ndi zitsa, koma tsiku limeneli anaganiza kuti munthu ukamuphimba nkhope ndiye kuti wamubisa. A Goodson anakwera. Anali ndi manyazi, anali ndi mantha, ndipo mantha ndiwo anaposa.

Galimoto ya apolisi inali patsogolo. Anthu a m'mudzi ataiona ikukwera anathamangira kuchitunda ndi makasu ndi malegeni, ndipo miyala inayamba kugwa ngati matalala. Wapolisi wina anang'ambika pachipumi n'kugwada, magazi atatseka maso. Anzake anaponya utsi wokhetsa misozi, mphepo n'kuutengera kumunsi kumene kunali amayi ndi ana. Mayi wina anagwera mumtsinje ndi mwana kumsana. Alonda anamasula agalu. Kenako mfuti inalira, ndipo a Douglas, mkulu wa mpingo amene ankangokweza manja kuti anthu aleke, anagwa m'mizere atagwira ntchafu. Anthu anabalalika, ena atanyamula a Douglas m'chitenje, magazi akudontha njira yonse. Chitunda chitatsala chokha, a Anderson analamula odulira kuti atsike m'ngolo, azule chilichonse, aunjike, atenthe.

Anzawo anayamba kutema m'tsinde ndi kuzula, mizu ya chinangwa n'kumaponya pamoto. A Goodson anathamanga ngati munthu wofuna kuoneka wakhama, n'kukayamba ndime ya kumtsinje wina asanaifike. Ataima pamaso pa chinangwa cha mlongo wawo mutu unagwira ntchito. Chinangwa chili ngati tiyi, ukachidula bwino cha m'mawondo n'kusiya mizu chimaphukanso. Anayamba kudula, kamodzi kamodzi, mofulumira kuposa mmene anadulirapo pa moyo wawo, nthambi n'kumakokera kumoto kuti zioneke, zitsa n'kumakwirira ndi mapesi ndi udzu wouma. Atatsiriza ndime ya a Marita analowa m'ndime ya a Angella n'kuidula chimodzimodzi mpaka kumapeto. A Anderson maso anali atatupa ndi utsi, sanawerame kuyang'ana chitsa ngakhale chimodzi. Pobwerera m'ngolo muja a Goodson kuseri kwa masiki mtima unali m'malo. Anali ataiyenda njomba kampani, ndipo anaganiza kuti Lamulungu akauza a Marita kuti asazule zitsa, angodikira chiperoni.

Lamulungu linachedwa. M'mawa mwake anthu anakwera kukaona zotsala, ndipo zimene zinachitika kumeneko a Goodson anadzazimva pambuyo pake kwa anthu ambiri, onse akunena zofanana. A Marita anafika pandime pawo, anakankha mapesi ndi phazi, n'kuona zitsa. Za kuphuka sanaganize n'komwe, anangoona chakudya cha adzukulu awo cha chaka chonse chitadulidwa. Kenako anaona kupendekera kwake. Anagwada, anasisita chitsa ndi chala, n'kukuwa ndi liwu lawo lija:

"Awa ndi achimwene anga. Mayo ine, awa ndi achimwene anga."

Theka la anthu amene anali pamenepo anagwirapo ntchito ya tiyi, ndiye panalibe chofotokozera. Anavundukula mzere wina, n'winanso, zitsa zonse zosalala, zonse zopendekera mbali ya wamanzere. Nthawi yomweyo wakabaza wina anafika ndi uthenga woti a Douglas amwalira asanafike kuchipatala. Bwana wa kampani anali kuseri kwa mpanda wa waya, phungu anali ku Lilongwe, wapolisi wowombera uja palibe ankamudziwa. Mwa onse amene anawononga chitunda, munthu mmodzi yekha ndi amene anthuwo ankadziwa dzina lake ndi pomupeza.

Anawapeza masana, ali m'ndime yawo ya tiyi. Odulira anzawo atamva phokoso likubwera m'mizere anataya mipeni n'kuliyatsa liwiro. A Goodson sanathawe, poti ankaganiza kuti ali ndi mawu abwino oti anene. Anaika mpeni pansi, anakweza manja n'kunena kuti chinangwacho chiphuka, adikire aone. Mwala woyamba unawapeza pakamwa pomwe paja. Anagwa, anthu n'kuwaunjikira ndi mipini ndi mapazi, anthu amene iwo anawanyamulapo ali makanda, ena amene anadya nawo mbale imodzi pa maliro a amayi awo. Ankabwerezabe kuti chiphuka, chiphuka, koma magazi anali atadzaza m'kamwa ndipo palibe ankamvera. Benard anafunsa kuti dzanja lake ndi liti, ngati kuti sankadziwa. Amuna awiri anakoka mkono wamanzere n'kuugoneka pa chitsa cha tiyi wakale. Chikwanje cha Benard chinali cha ku misonkhano, choopsezera anthu, sichinaonepo mwala wonolera. Anatema, fupa linakana. Anatemanso, n'kutemanso, n'kutemanso. A Goodson anamva zonse, ndipo chimene amakumbukira n'chakuti pakati pa ululuwo anakwiya ndi kadulidwe koipako.

Wina anali akupopa petulo m'njinga yamoto, wina akugubuduza tayala, pamene a Marita anatulukira m'mizere ya tiyi, mpango uli m'manja, atathamanga kuchokera kuchitunda. Anadziponya pamwamba pa achimwene awo n'kunena kuti amene akufuna kuotcha aotche onse awiri. Anamanga mkonowo ndi chitenje chawo, akutukwana aliyense pomutchula dzina lake ndi la amake, mpaka anthu anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

A Goodson atatuluka m'chipatala anapeza makiyi atabwezedwa kale. Kampani inati munthuyo sanavulale pantchito, anavulazidwa ndi abale ake, ndiye katundu wawo anali m'thumba kwa a Anderson, mpeni uli pamwamba. Apolisi anali atalowa kale m'mudzi, kuthyola zitseko, kumenya aliyense wovala thalauza, n'kudzaza galimoto. Ambiri anakhalitsa m'chitokosi, Benard yekha anatuluka msanga pa belo, poti pa nkhani imeneyo foni ya phungu inapezeka. Phunguyo analankhula pa wailesi kudzudzula ziwawa mbali zonse, n'kukatenga chiletso ku khoti choti chitunda chisakhudzidwe mpaka mlandu utaweruzidwa. Anthu anamva kuti woletsedwayo ndi kampani, anabwerera ndi makasu awo.

A Marita anawagoneka achimwene awo m'kachipinda kosungira makasu. Ankawasambitsa, ankawatsuka bala, ankawamangira mabatani a malaya, koma za chinangwa sankakambirana. Mayiwo ankakhulupirirabe kuti mlongo wawo anasankha makiyi a kampani n'kusiya mimba za adzukulu, ndipo ankawasamala ndi nkhope yolimba, mmene munthu amasamalira m'bale amene wamulakwira. A Goodson nawo anali atamva amene anatchula dzina lawo pachitunda, ndipo mtima unawawa mwakuti anasankha kungokhala chete. Ananena kale kuti chiphuka, ananena ali pansi akumenyedwa, analibe pakamwa ponenanso.

Chiperoni chinagwa, chinagwanso. Tsiku lina a Marita anatsika kuchitunda dzuwa lisanakwere, atafumbata masamba anthete a chinangwa, chigwada chenicheni. Anakhala pansi pataliko pang'ono ndi mphasa ya achimwene awo, masamba ali pamiyendo, maso ali kwina.

"Chaphuka," anatero. "Ndime yanga yonse, ndi ya a Angella. Kwina konse ndi phulusa lokhalokha."

"Ndikudziwa."

"Bwanji simunanene, achimwene?"

"Ndinanena, achemwali. Benard anali akudula."

A Marita anaika nkhope m'masamba aja n'kulira mpaka adzukulu anathawa pakhomo. A Goodson sanawatonthoze. Madzulo ake anadya chigwadacho ndi dzanja lamanja, monga amayi awo anawaphunzitsira, ndipo chinali chokoma.

Mvula yodzalira itayandikira, mudzi wonse unalibe mbewu ya chinangwa, poti mitengo yake inapsa tsiku lija. Zotsala zinali ndime ziwiri zija basi, zitakula mpaka pachifuwa, chitsa chilichonse chitatulutsa nthambi zingapo. Anthu anayamba kubwera kwa a Marita kudzapempha, iwo n'kumawauza kuti akapemphe eni ake. Ankabwera mmodzimmodzi, kugwada pakhomo, kuyamba ndi kufunsa za bala, maso ali pansi. A Goodson ankawalola onse. Wina asakunamizeni kuti anakhululuka, sanakhululuke, ndipo ena ankawasiya chigwadire nthawi yaitali asanawayankhe. Kungoti anthuwo anali ndi ana kunyumba, ndipo anawo sanagwire mpini tsiku lija.

M'mawa wina anakwera kuchitunda, koyamba chivulalire, mpeni uli m'thumba la jekete mwachizolowezi. M'ndime ya a Angella anapeza Benard akudulira amayi ake mbewu ndi chikwanje chomwe chija. Ankatema ngati akutema nkhuni, mitengo n'kumang'ambika, makungwa n'kumasupuka. A Goodson anaima n'kuonerera mpaka analephera kupirira. Benard atawaona akubwera anawongoka, chikwanje chili m'manja, osadziwa kuti athawe kapena apereke moni. A Goodson anatulutsa mpeni wawo n'kumupatsa ndi dzanja lamanja.

"Kamodzi kokha, mopendeketsa," anatero. "Ukabwereza chimafa. Dzanja lako ndikulidziwa, limabwereza."

Benard analandira ndi manja awiri. Anagwira mtengo wa chinangwa, anakoka mpeni, mpeniwo n'kuterereka, kungosenda khungwa. Anayesanso, chimodzimodzi. Mpeniwo unanoledwa mbali imodzi kwa zaka zonse zija kuti uzidya ukagwidwa kumanzere, ndipo m'dzanja lamanja unali chitsulo chabe. Onse awiri anazindikira nthawi imodzi. Benard anaubweza, a Goodson n'kuulandira n'kumusiya ali chiimire.

A Marita anali atawatsatira. Anawaperekeza kumtunda kwa ndime, pamalo athyathyathya paja, pamene panali posadzalidwabe. M'mbali mwa mwala waukulu munali kamulu ka miyala ing'onoing'ono kamene kale panalibe. A Marita anawauza kuti tsiku lija, achimwene awo atatengedwa kupita kuchipatala, iwo anabwerera m'munda wa tiyi agalu asanafike, anakatola dzanja lija n'kulikulunga mu mpango. Okumba manda sakanalola kutsegula manda chifukwa cha dzanja lokha, ndipo kulitaya m'chimbudzi iwo sakanatha.

"Ndinati apa ndi panu," anatero. "Ndiye ndinaliika pano."

A Goodson anagwada, anachotsa miyala ingapo, anaika mpeni pansi pake n'kubwezeretsa. Kenako anapempha kakhasu kakang'ono, kamene munthu angathe kugwira ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kusalaza pomanga, khasu likupita kwina ngati la mwana wophunzira kulima.

Mlandu wa chitunda ukadali ku khoti, ndipo chisankho china chikubwera. Kanyumba ka a Goodson n'kaudzu, khomo lake linayang'ana kumwala. Anthu akawafunsa kuti adzalowera kuti kampani ikadzapambana, amaloza kamulu ka miyala ndi mkono wodukawo n'kuyankha kuti iwo anayamba kale kuikidwa pamenepo, chatsala n'kutsiriza.